ZILEMBO ZOITANIRA: Kalembedwe ka pa Zikwangwani za pakati pa Golomoti ndi Mtakataka

Pali luso lina limene timaliona tsiku ndi tsiku koma sitilitcha luso, poti silipezeka m'buku ndipo palibe mphunzitsi amene analiikapo pa mndandanda wa zoti tiwerenge. Ndikunena kalembedwe ka pa makoma a magolosale, matiirumu, zigayo, malo ometera, ndi pa timatabwa timene timakhomedwa m'mitengo ya m'mbali mwa msewu. M'nkhani ino ndifuna kuti tiweruze kalembedwe kameneka monga momwe timachitira ndi ndakatulo ya mnzathu akaibweretsa pa bwalo lathu la alembi: tione pamene pakoma, tiloze pamene palakwika. Ndatenga chigawo chimodzi chokha cha dziko, ndicho cha msewu wa M5 kuyambira pa Golomoti, kudutsa pa mphambano ya ku Mua, mpaka pa Mtakataka. Ndiko kwathu, m'chigwa chotentha cha m'munsi mwa mapiri a Dedza, ndipo makoma akumeneko ndakhala ndikuwawerenga kuyambira pamene ndinadziwa kusiyanitsa a ndi e.

Tiyambe tasiyanitsa zinthu ziwiri. Akatswiri a zosindikiza amagawa zilembo m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la zilembo zowerengera, zing'onozing'ono zija zimene zimadzaza tsamba la buku kapena nyuzipepala. Times New Roman, mtundu umene unayamba kugwira ntchito m'nyuzipepala ya The Times ya ku London mu 1932, uli m'gulu limeneli. Ntchito ya zilembo zotere ndi kudzibisa. Mayi wina wodziwa za kusindikiza, Beatrice Warde, polankhula ku London mu 1930 anazifanizira ndi chikho cha galasi loyera: womwa aone chakumwa, asaone chikho. Gulu lachiwiri ndi la zilembo zikuluzikulu za pa mitu ya nkhani, pa zikuto za mabuku ndi pa zikwangwani. Izi sizibisala ayi. Ine ndizitcha zilembo zoitanira, chifukwa ntchito yake ndi yomwe ija ya anyamata oitanira minibasi pa siteji: kukuwa, kunyengerera, kukugwira dzanja usanaganize n'komwe za ulendo. Ndipo monga oitanirawo, zina zimakopa ndi nthabwala, zina ndi ulemu, zina zimangosokosa.

M'chigwa chathu muli zilembo za mitundu iwiri zimene zikhala moyang'anizana. Pali za aulamuliro: za pa zikwangwani za msewu, za pa chipata cha sukulu ya apolisi ku Mtakataka, za pa mpanda wa malo opangira magetsi a dzuwa amene anatsegulidwa ku Golomoti mu 2022. Zimenezi ndi zowongoka, zofanana msinkhu, zosamwetulira, ndipo kutero n'koyenera, pakuti wochenjeza za ngozi sachita nthabwala. Zimalamula, sizipempha. Tsono pali za munthu wamba amene ali ndi matumba awiri a mpunga wa ku Bwanje ndipo afuna kuwagulitsa dzuwa lisanalowe. Iyeyu sangalamule munthu. Ayenera kukopa. Nkhani yangayi ndi ya zilembo zake.

Taganizani za amene aziwerenga. Ali m'minibasi yochokera ku Salima kupita ku Balaka, wapanikizika pakati pa dengu la nsomba ndi bondo la mnzake, zenera lili fumbi lokhalokha, dzuwa la mwezi wa Okutobala likuthobwa m'maso. Kapena ali pa kabaza, kapena wangotsika kumene msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere mutu ukuzungulirabe. Ali ndi kamphindi kochepa chabe. Kuwonjezera apo, kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka zisanu kapena kuposera apo, pafupifupi 69 ndiwo amadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo tonse tidziwa kuti pakati pa odziwawo alipo ambiri amene amawerenga mochita kutchula chilembo chimodzichimodzi. Wolemba chikwangwani waluso amadziwa zonsezi ngakhale sanawerengepo lipoti la kalembera. N'chifukwa chake polemba NSOMBA amapinda S ngati mlamba, namuika diso ndi chipsepse. Polemba TIYI amatulutsa nthunzi pamwamba pa ma I awiriwo. CHIGAYO amachilemba ndi zilembo zonenepa, zamakona, zokhala ndi mthunzi wakuda kumbali, kotero kuti usanawerenge wamva kale kulemera kwa injini. Pa malo owotcherera zitsulo zilembo zimathetheka ngati mphezi. Mlendo wochokera m'tauni amaseka, nati koma anthu akumudzi ndi oseweretsa. Iyayi. Kuseweraku ndi uthenga wachiwiri umene waikidwa m'kati mwa woyambawo, kuti amene alephera kugwira mawu agwire maonekedwe. Apa ndi pamene pagona mfundo yanga: chilembo chosewera chikhala chabwino pamene sewerolo likugwira ntchito, ndipo chikhala choipa pamene likungodzionetsa.

Amene anafikapo ku Mua andimva msanga. Mishoni imeneyi inakhazikitsidwa ndi ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsapo malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni. M'nyumba ya Chamare muli nkhope za gule wamkulu zoposa 400. Sindilowa m'zinsinsi za kudambwe, si kwanga kutero. Ndingonena zimene aliyense woima pa bwalo amaona. Chadzunda akatulukira, nkhope yake yakuda yamakwinya yanena kale kuti kwabwera mkulu, ng'oma isanasinthe n'komwe. Simoni ndi kufiira kwake wakuuza kale kuti akunenedwa ndi mlendo wopsa ndi dzuwa. Maliya ali ndi nkhope yakeyake. Palibe wosema amene angapatse Chadzunda nkhope ya Maliya n'kunena kuti wangofuna kukongoletsa. Zilembo zoitanira zili chimodzimodzi. Mawu ndiye wovina, kalembedwe ndiyo nkhope. Anthu a dera limene linazolowera kuwerenga nkhope mwa njira imeneyi sangavutike kuwerenga nkhope ya chilembo. Chondidabwitsa ndi chakuti ife ophunzira tikapita ku Mua timadzaza makope ndi za gule, za ziboliboli ndi za zithunzi za pa makoma a nyumba ya Chamare, koma pobwerera timadikira galimoto pa mphambano titafulatira khoma la tiirumu limene munthu wina analivutikira masiku awiri.

Ndiponso kulemba pa khoma si chinthu chobwera ndi sitolo. Kumtunda kwa boma lomweli la Dedza, ku Chongoni, kuli malo 127 a zojambula za pa miyala, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zina mwa zojambula zoyera zakumeneko zinali za chinamwali, ntchito ya amayi. Mpaka lero Khirisimasi ikayandikira amayi ndi atsikana a m'midzi yathu amazira nyumba ndi dothi la mitundu, najambula maluwa, nalemba TAKULANDIRANI ndi chala kapena kansanza. Zilembo zawo zimatsata khomo ndi zenera, zimakwera ndi kutsika monga momwe khoma lalolera, ndipo mvula ya Januwale ikabwera zimapita. Tikamakamba za olemba zikwangwani timangoganiza za abambo a burashi ndi chitini cha penti. Amayiwa tisawaiwale, ngakhale salipidwa.

Za m'mene ntchitoyi imagwiridwira ndinaziona bwino tchuthi chapitachi, pamene mkulu wina wa ku Mtakataka ankalemba khoma la golosale ya achibale anga, ine ndikumugwirira makwerero. Sanayambe ndi penti. Anayamba waima kutsidya kwa msewu, pamene pamaima minibasi, nayang'ana khomalo nthawi yaitali. Atatero anapaka choko pa chingwe, tinachikoka uku ndi uku, nachigwedeza kuti chisiye mizere iwiri. Kenaka anawerenga zilembo za dzinalo ndi zala, napeza chapakati, nayamba kujambula ndi choko kuchokera pakatipo kumka kumanja, n'kubwerera kumanzere. I anampatsa malo ochepa, M ndi W malo ambiri. Pofika pa O ndinaona kuti wapyola mzere pang'ono pamwamba ndi pansi pomwe.

Ndinati, "Pepani bambo, O wanuyo watuluka mu mzere."

Iwo anaseka, nati, "Mwana wanga, O ukamuika pa mzere ndendende amaoneka wamfupi pakati pa anzake. Diso ndi labodza. Ndiye iwenso umalinamiza."

Lamulo limeneli lili m'mabuku onse a akatswiri opanga zilembo: chilembo chozungulira kapena chosongoka chiyenera kupyola mzere pang'ono kuti chioneke chofanana ndi zinzake. Mkuluyu analiphunzira pa makwerero. Anandiuzanso kuti mthunzi wa zilembo zonse uyenera kugwera mbali imodzi popeza dzuwa ndi limodzi. Kuti penti wofiira ndiye amayamba kusuluka ndi dzuwa la kunyanja, choncho mawu ofunika sawalemba ndi wofiira yekha osamuzinga ndi wakuda. Ndi kuti pa khoma lokhakhala burashi yatsopano imaonongeka msanga, ndiye amayamba ndi yakale. Sewero linabwera pamapeto penipeni, zonse zitakhala m'malo mwake: mchira wa Y anaukoka n'kuupinda pansi pa dzina lonse ngati mkeka woyalira mlendo. Mchira umodzi wokha. Nditafunsa chifukwa chimene sanachitire zomwezo ndi G, anati, "Pa bwalo savina onse nthawi imodzi."

Komatu ndisakhale ngati mlamu wotama nsima ya mlongo wake. Zikwangwani zambiri za pa msewu umenewu ndi zoipa, ndipo tiyenera kunena. Cholakwa chofala kwambiri ndi kusawerengera malo. Munthu ayamba TIKUGULITSA ndi T wamkulu ngati chitseko, pofika pa LITSA khoma latha, zilembo zayamba kupanikizana ndi kukwera m'mwamba ngati mbuzi zothawa madzi. Anzanga ena pano pa koleji amati kumeneko ndiye kukoma kwake, ndiye umunthu wake. Ine ndikana. Kutama cholakwa cha munthu chifukwa ndi wakumudzi ndi kumunyoza mwaulemu. Mnzake wa khoma loyandikana nalo anawerengera bwino, ndipo iyenso ndi wakumudzi. Tikati zonse ndi zokoma tamulanda waluso uja ulemu wake.

Pali kudula mawu mosasamala. M'Chichewa phatikizo lililonse limathera pa lembo la liwu, kotero kuti mawu amadziduladula okha: MPU-NGA, NSO-MBA, CHI-MA-NGA. Wolemba akadula MPUN pamwamba, GA pansi, wapunthwitsa wowerenga wa pang'onopang'ono uja, yemwe ndiye anafunika kuthandizidwa koposa. Palinso kukongoletsa kopyola muyeso, chilembo chilichonse mtundu wakewake, mithunzi itatu, michira ponseponse. Anyamata ometa ndi a kabaza akonda kwambiri zilembo zaminga zija zakale za ku Ulaya, zonga za pa dzina la nyuzipepala zina, ndipo amazilemba zonse zikuluzikulu. Alembi amene anazipanga zaka mazana apitawo sankatero. Chachikulu chinkakhala chimodzi poyambira, zotsatira zing'onozing'ono. Ukaziika zikuluzikulu zokhazokha umapeza mpanda wa minga, wokongola ukakhala patali, wosawerengeka ukayandikira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Cholakwa chimene chimandipweteka mtima ndi cha kusadziwa malo. Ndaonapo pa malo okhomera mabokosi a maliro zilembo zonenepa zovinavina, zachikasu ndi zobiriwira, zonga za pa paketi ya masiwiti. Wina anditsutsa, ndipo ndikumumva kale: kodi pa maliro a Achewa gule savina? Kodi adzukulu sachita nthabwala mtembo uli m'nyumba? N'zoona. Koma nthabwala ya pa maliro ili ndi eni ake. Mdzukulu ali ndi ufulu woseka chifukwa ndiye akumba manda, ndipo kuseka kwake kumapeputsa mitima ya anamfedwa. Wogulitsa bokosi alibe ufulu umenewo. Iye akulandira ndalama kwa munthu wolira, ndipo chikwangwani chake chiyenera kuvula chipewa. Chimodzimodzinso pa sitolo ya mankhwala: munthu amene mwana wake watentha thupi usiku safuna kuchita kumasulira michira ya zilembo. Olemba pa mizikiti ya m'mbali mwa nyanja amandisangalatsa pa mfundo imeneyi. Zilembo za Chiarabu ndi zopindika mwachibadwa, zimayenda ngati madzi kuchokera kumanja kumka kumanzere, koma sudzaona wina akuziika diso la nsomba. Akudziwa pamene dzanja liyenera kudzigwira.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa nkhaniyi. Zaka zapitazi makoma a pa Golomoti ndi pa Mtakataka ayamba kuvala zinsalu za pulasitiki zosindikizidwa pa kompyuta m'matauni. Mwini sitolo amatumiza mawu pa foni, mawa lake chinsalu chafika pa minibasi, chili ndi chithunzi cha botolo la mafuta ophikira kapena cha mnyamata wa ku America wometa bwino. Sindimunena mwini sitoloyo. Chinsalu chimafika msanga, chimakhala ndi zithunzi zimene burashi singazithe, ndipo akasamuka amachipinda n'kupita nacho, pamene khoma limatsalira mwini nyumba. Chimene ndikutsutsa ndi zilembo zimene zili pa zinsaluzo. Wa pa kompyuta uja, pofuna kuti chikwangwani chioneke chansangala, amasankha mtundu wa zilembo zoyerekeza dzanja la munthu, zopendekeka, zonga zolembedwa ndi burashi kapena choko. Ndiye kuti makina akuvina gule wa munthu amene amulanda ntchito.

Mbiri ya zilembo zoterezi ndi yoseketsa. Cooper Black, zilembo zonenepa zofewa zimene timaziona pa mapaketi ambiri, anazijambula Oswald Cooper wa ku Chicago, munthu amene ntchito yake inali kulemba zilembo za malonda ndi dzanja, ndipo zinatuluka mu 1922. Comic Sans anaipanga Vincent Connare wa ku kampani ya Microsoft mu 1994, potengera zilembo zolembedwa ndi dzanja za m'mabuku a zithunzi zoseketsa, ndipo cholinga chake chinali pulogalamu ya pa kompyuta ya anthu ongoyamba kumene, m'mene kagalu kojambula kankalankhula. Kuchokera apo yafika paliponse. Mu 2012 asayansi a ku CERN polengeza za kupezeka kwa kanthu kaja kotchedwa Higgs boson, zina mwa zimene anaonetsa pa khoma zinali mu Comic Sans, ndipo anthu anakangana za zilembozo pafupifupi ngati za sayansi yomwe. Kuno kwathu ndaiona pa ndondomeko ya mwambo wa maliro. Choncho zilembozi zinachokera ku dzanja, zinalowa m'makina, ndipo lero ndaona anyamata olemba zikwangwani akuzikopera pa foni kuzibwezera pa khoma ndi burashi. Dzanja likutsanzira makina amene akutsanzira dzanja.

Vuto la dzanja labodzali limaonekera msanga m'Chichewa kuposa m'Chingerezi, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Chinenero chathu chili ndi malembo a liwu asanu okha, ndipo amabwera m'phatikizo lililonse. Lembani MTAKATAKA: muli A anayi, T awiri, K awiri. GOLOMOTI muli O atatu. Munthu akalemba ndi dzanja, A aliyense amasiyana pang'ono ndi mnzake, wina wafupika mwendo kuti T alowe, wina watambalala kuti adzaze mpata pambali pa K. Kompyuta ili ndi A mmodzi yekha. Ngati A ameneyo anapangidwa wopunduka mwendo wakumanzere kuti aoneke ngati wa dzanja, ndiye kuti mu MTAKATAKA mudzakhala A anayi opunduka mwendo womwewo, malo omwewo, ngati asilikali anayi otsimphina mofanana pa perete. Diso limazindikira bodzalo ngakhale mwini diso sangathe kulifotokoza. Akatswiri ena amayesa kuthana nazo poika A awiri kapena atatu osiyana mu mtundu umodzi wa zilembo kuti kompyuta izisinthanitsa, koma mitundu yotengedwa ulere pa intaneti, imene ndiyo imafika kwathu, kawirikawiri ilibe zimenezo. Ndipo ngakhale ikanakhala nazo, kompyuta sinaimepo kutsidya kwa msewu. Sidziwa kuti pakati pa khoma pali zenera, kuti khonde limaphimba mzere wapamwamba, kuti mtengo wa mango umachita mthunzi kumanzere masana. Mawu akapanda kukwana, wa pa kompyuta amangowakoka kapena kuwafinya ndi kachipangizo kake, zilembo n'kuonda kapena kutupa zonse pamodzi. Mkulu wa ku Mtakataka uja akanasintha chilembo chimodzichimodzi.

Palinso nkhani ya zizindikiro zathu. Chotsani kankhodolero mu NG'OMA, mwatsala ndi NGOMA, nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana, ndipo wogula ng'oma apita kwina. Chotsani H mu PHALA, tiirumu yayamba kulamula anthu kuti apale. Pa zimenezi olemba ndi dzanja ndi a pa kompyuta amalakwa mofanana, ndipo onse afunika mphunzitsi wa Chichewa. Koma pa ŵ, w wa kachipewa amene ena amamulemba m'dzina la dziko lathu, dzanja limapambana kutalitali. Chilembochi chimapezeka m'zinenero zochepa, monga cha anthu a ku Wales, motero mitundu yambiri ya zilembo zosewera ilibe. Kompyuta ikachisowa imaika kabokosi kopanda kanthu, kapena kubwereka ŵ wa mtundu wina amene amaima pakati pa mawu ngati mlendo wovala suti pa dambwe. Wa burashi amangomenya kawiri, kachipewa kakhala. Ife a magazini a sitensulo tiyenera kuzidziwa bwino zimenezi, pakuti taipi ili ndi msinkhu umodzi wokha wa zilembo ndipo ilibe kachipewako, kotero kuti mitu ya nkhani ndi zikuto za magazini otere zakhala zikudalira mnzathu wa dzanja labwino ndi cholembera chake chachitsulo. Timamuthokoza m'mawu awiri kumapeto, koma sitinakhalepo pansi kuweruza ntchito yake.

Mdani wina wa zilembo zoitanira ndi penti waulere. Makampani akuluakulu, makamaka a mafoni, a sopo ndi a zakumwa, amapenta sitolo yonse mtundu wawo, nalemba dzina lawo kuyambira kona ino mpaka iyo. Mwini sitolo amakondwa poti khoma latetezedwa ku mvula iye osatulutsa tambala, ndipo ndani angamudzudzule? Olemba zikwangwani ena amapezanso ganyu pamenepo. Koma ndi ganyu wa kukopera. Chilembo chiyenera kufanana ndendende ndi cha pa pepala lochokera ku likulu, palibe mchira, palibe diso la nsomba. Dzina la mwini sitolo limakankhidwira pa kamzere ka pamwamba pa chitseko. Mapeto ake, wotsika pa Golomoti amaona makoma omwewo amene akanawaona ku Karonga kapena ku Nsanje.

Maiko ena anayamba kale kuliona luso limeneli ndi maso awiri. Chéri Samba wa ku Congo anayamba ngati wolemba zikwangwani mu Kinshasa, natsegula malo akeake mu 1975, ndipo pofika 1989 zithunzi zake, zimene amazilemba mawu a Chifalansa ndi Chilingala, zinali pa chionetsero chachikulu ku Paris. Ku Zimbabwe, Saki Mafundikwa anatsegula sukulu ya zojambula ya ZIVA mu Harare mu 1999, ndipo mu 2004 anatulutsa buku la Afrikan Alphabets, pofuna kuti ophunzira a mu Africa aleke kuganiza kuti kalembedwe konse kabwino kamachokera ku Ulaya. Kwathu konkuno a Nolence Mwangwego anayamba mu 1979 kupanga zilembo zawozawo zolembera zinenero za m'Malawi, nazionetsa poyera mu 1997. Ku India, Hanif Kureshi anayambitsa mu 2011 ntchito yotchedwa HandpaintedType, yosonkhanitsa zilembo za olemba zikwangwani a m'misewu ndi kuzisandutsa mitundu ya pa kompyuta, gawo la ndalama zake n'kumapita kwa olembawo.

Njira ya ku India imeneyi anzanga ena aikonda, ndipo akuti tichite zomwezo ndi olemba a kwathu. Ine ndili ndi mitima iwiri. Ubwino wake ulipo: wa pa kompyuta wa ku Salima akanakhala ndi zilembo zobadwira m'chigwa chathu, zokhala ndi ŵ ndi kankhodolero koima pamalo pake, zokhala ndi A okwanira dzina la Mtakataka. Chimenecho chikanaposa kubwereka dzanja la munthu wa ku Chicago. Koma chimene chingalowe m'kompyuta ndi maonekedwe okha a zilembo. Kuima kutsidya kwa msewu kuja, kusankha kuti mchira ukhale pa Y osati pa G, kukana kuvinitsa zilembo pa malo a mabokosi, zimenezo sizilowa. Ndipo ndiopa kuti tikatenga dzanja la mkulu uja n'kuligawa kwa aliyense, tidzakhala tamupatsa ndalama kamodzi n'kumuchotsa pa makwerero mpaka kalekale.

Chimene tingayambe nacho ndi chaching'ono, ndipo ndi ntchito ya anthu ngati ife. Olemba zikwangwani ambiri amasaina. Yang'anani pa kona ya m'munsi kumanja kwa khoma, mupeza dzina laling'ono, kawirikawiri lodzipatsa yekha, ndi nambala ya foni. Potsata timaina timeneti munthu atha kudziwa kuti makoma asanu a pa Golomoti ndi a dzanja limodzi, kuti amene analemba chigayo cha pa mphambano ya ku Mua anaphunzira kwa wa ku Mtakataka popeza onse amapinda mwendo wa R mofanana, kuti wakuti anali bwino zaka zisanu zapitazo koma tsopano wayamba kukopera za pa foni. Aphunzitsi athu amatiuza kuti kuweruza zolembedwa kumayamba ndi kudziwa analemba ndani, liti, ndipo anatengera kwa yani. Makoma ambiri amapentedwanso mvula ikatha, mwezi wa Meyi ndi Juni, anthu akagulitsa mpunga ndi thonje. Amene afuna kujambula zakalezo ndi kulemba maina a eni ake apite Epulo asanathe.